Kalata kwa Akuluakulu a Blantyre: Nyuzi Zathu Zakale Zikuthera m'Zitumbuwa

Kwa a Meya ndi makhansala a mzinda wa Blantyre, a Nduna oona za chikhalidwe ndi zinthu zakale, akuluakulu a National Archives ku Zomba, komanso inu eni makampani a nyuzipepala ku Ginnery Corner,

Mabwana ndi madona,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, wobadwira ku Ndirande, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi chitumbuwa. Sabata zingapo zapitazo ndinagula ziwiri kwa mayi wina pafupi ndi pokwerera minibasi ku Limbe. Anandikulungira m'pepala lofiirira, lothetheka ngati khoko la chimanga. Nditakhala pampando ndinalitambasula kuti ndipukutire mafuta m'manja, ndipo pakona ndinaona chaka: 1993. Dzina la nyuziyo linali litang'ambika, koma nkhani yake inali ya riferendamu, ya nyali ndi tambala wakuda. Ndinatsika minibasi isanadzaze, kondakitala akundinena.

Mayiyo anandiuza kuti mwana wawo anagula thumba lathunthu la mapepala kwa anthu amene ankasesa m'nyumba ya malemu bambo awo. Thumbalo linali litatsala pang'ono kutha. Ndinawombola masamba 14. Ena onse anali atapita ndi makasitomala, ndipo pano ali m'ngalande kapena anayatsira mbaula. Mayiyo sindikuwadzudzula. Pepala kwa iwo ndi chokulungira, monga linalili kwa ife tonse: tinakutira makope a sukulu, tinamata m'makoma, agogo anapichirira chingambwe, ndipo kwina kumene linkathera nonse mukukudziwa. Chimene chinandiwawa n'chakuti malemu aja anasunga nyuzizo zaka 30, mwina akuganiza kuti tsiku lina wina adzazifuna, koma ana awo analibe khomo lodziwika loti akagogode n'kunena kuti, "Tapeza izi, kodi n'zothandiza?"

Khomo limenelo ndi limene ndikupempha.

Mzinda uno uli ndi mwayi umene mizinda yambiri ya m'chigawo chino ilibe. Unayamba mu 1876 ndi mishoni ya Church of Scotland, ndipo pasanathe zaka zambiri makina osindikizira anali akulira kale pa mishonipo. Ankatulutsa magazini ya Life and Work, komanso kanyuzi ka Chimang'anja kotchedwa Kalilole. Mu 1895, chaka chimene Blantyre inakhala ndi khonsolo yakeyake, kunabadwa nyuzi ya Central African Planter, imene inadzasanduka Central African Times, kenako Nyasaland Times, mpaka kufika pa Daily Times ya lero. Malawi News inayamba mu 1959, Moni mu 1964 ku Montfort Press ku Limbe, The Nation mu 1993. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 130 pakhala pali munthu amene ntchito yake inali kulemba zimene zachitika m'tauni muno sabata imeneyo. Sitima itafika mu 1908, Limbe itaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956, Kamuzu atatera pa Chileka pa 6 July 1958, mbendera yathu itakwera koyamba pa bwalo limene kale linkatchedwa Rangeley Stadium, wina anali pomwepo ndi pensulo.

Zikuluzikuluzo zili kale m'mabuku a sukulu, ndipo sizitayika. Zimene nyuzi yokha imasunga ndi tinthu tating'ono. Mtengo wa thumba la chimanga pa njala ya 1949. Chilengezo cha khonsolo choti nyumba za mbali yakuti zigwetsedwe. Mayina a ana amene anasankhidwa kupita ku sekondale, amene makolo ankawafufuza ndi chala, mzere ndi mzere, nyuzi imodzi anthu khumi. Zigoli za Bata Bullets ndi Yamaha Wanderers pamodzi ndi amene anamwetsa. Zolengeza maliro. Makalata a kwa mkonzi, a munthu wa ku Bangwe wodandaula kuti mpopi wauma, a wa ku Zingwangwa wodandaula za basi. Mafayilo a boma amasunga zimene boma linkaganiza. Kodi zimene ankaganiza munthu wa ku Bangwe uja tikazipeza kuti, ngati si m'kalata yakeyo?

Ndipo musaganize kuti izi n'zongosangalatsa nkhalamba ngati ine. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, matope n'kukwirira anthu ku Chilobwe, mdzukulu wanga anandifunsa ngati phirilo linachitapo zotere kale. Funso la mwana, koma ndi lomwelo limene injiniya wa khonsolo ayenera kufunsa asanalole munthu kumanga. Mtsinje wa Mudi unasefukira zaka ziti, unafika pati? Nkhalango ya m'phiri la Ndirande, imene ine ndinaiona ndi maso anga ili yowirira, inatha liti ndipo ndani anachenjeza? Timakumbukira Napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi wa ku Phalombe wa 1991 chifukwa anali aakulu. Tating'onoting'ono ta pakatipo, timene tingasonyeze kuti khwawa lakuti limalusa kawirikawiri, tinalembedwa m'ndime ziwiri pa tsamba lachitatu n'kuiwalika. Popanda mapepalawo timadalira za m'maluwa, ndipo kandimverere mukumudziwa.

Sindikunena kuti nyuzi ndi Baibulo. Nyasaland Times inali pakamwa pa azungu a m'maesiteti, ndipo munthu wakuda ankaonekamo kawirikawiri ngati wantchito wothawa kapena wozengedwa mlandu. Mu November 1914 John Chilembwe anailembera kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo oyang'anira zofalitsa nkhani pa nthawi ya nkhondoyo anaitsekereza. Patangopita miyezi iwiri, mu January 1915, anthu ake anali pa sitolo ya Mandala kufuna mfuti. Mu January 1960, pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, ankadya nkhomaliro pa Ryall's Hotel, panja panali chionetsero, ndipo atolankhani a ku London analemba ngati magazi anayenderera mu msewu. Jaji Southworth atafufuza anapeza kuti magazi onsewo sakanadzaza ngakhale kasupuni. Nthawi ya chipani chimodzi vuto linali lina: kukhala chete. Ife amene tinali ana pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, timakumbukira zitseko zotchingidwa ndi mitondo ndi mphekesera zoti magazi akugulitsidwa ku South Africa. Wofufuza wa lero akaika zimene nyuzi zinalemba pambali pa zimene agogo ake akumuuza, mpata umene uli pakatipo umamuphunzitsa mmene dziko linkayendera. Bodza losindikizidwa nalonso ndi umboni, bola likhalepo kuti tiligwire.

Tsopano pali chinthu chimene ndikufuna muchimvetse, chifukwa anthu ambiri amachiona mozondoka. Tikati nyuzi zakale, maganizo amathamangira ku za m'ma 1890. Komatu zimenezo, pokhala za azungu, zinali ndi ozisamala. Zina zinamangidwa m'mabuku aakulu achikuto cholimba, zina zinatumizidwa ku Britain, zina zinajambulidwa pa microfilm, kafilimu kosunga zithunzi zing'onozing'ono za masamba. Zimene zili pa ngozi yeniyeni ndi zaposachedwa ndi za m'chinenero chathu.

Kumbukirani 1992 mpaka 1994. Kalata ya maepiskopi itawerengedwa pa 8 March 1992, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead atanyanyala mu May mzinda n'kuyaka, anthu makumi angapo n'kuwomberedwa, zinakhala ngati chivindikiro chachoka pa mphika. Pofika pa riferendamu ya 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994, anyamata a mu Victoria Avenue ankanyamula nyuzi zoposa 20: The Independent, The Monitor, Michiru Sun, New Express, Financial Post, The Democrat, The Enquirer ndi zina zambiri. Zina zinali za masamba asanu ndi atatu, zosindikizidwa pa pepala lotchipa, zodzaza ndi mijedo ndi makatuni olaula. Zambiri zinafa zisanakwanitse zaka ziwiri. Kampani ikafa, laibulale yake imafa nayo. Lamulo la Printed Publications Act limati wosindikiza aliyense apereke kope ku National Archives mwaulere, koma kodi mkonzi amene ankathawa ngongole ya osindikiza ankakumbukira kutumiza kope ku Zomba sabata iliyonse? Miyezi imeneyo ndi imene Amalawi anayamba kulankhula mokweza patatha zaka 30, ndipo mawu awo oyambawo ali pa mapepala ngati limene linandikulungira chitumbuwa.

Chimodzimodzi za Chichewa. Msimbi ndi Bwalo la Nyasaland za nthawi ya atsamunda, Boma Lathu imene inkafika mpaka kumudzi, masamba a Tikambe ndi Tamvani amene anthu amawasolola m'kati mwa nyuzi ya Chingerezi n'kupatsa agogo. Chifukwa chosololedwacho, ngakhale pamene nyuzi yaikulu inasungidwa, tsamba la Chichewa limatha kusowa. Ndi mmenemo muli chinenero chathu mmene chinkalankhulidwira, mawu amene anabwera ndi a ku Wenela ndi a ku Halale, ndakatulo za anthu amene sanatulutsepo buku.

Pepala la nyuzi silinapangidwe kuti likhalitse. Limachokera ku nkhuni zopera, ndipo lili ndi asidi amene amalidya lokha ngakhale palibe wolikhudza. N'chifukwa chake limafiira n'kuyamba kuthetheka m'mphepete. Onjezanipo kutentha kwa October, chinyontho cha dzinja, chiperoni, nkhungu, njenjete, makoswe, ndi mfumu ya zonse, chiswe, chimene chimalowa katoni pansi n'kusiya pamwamba pooneka bwinobwino. Ngakhale microfilm yakale ikasungidwa potentha imayamba kununkha ngati viniga n'kupindika, ndipo ikafika pamenepo yatha. Ndiye pali moto. Mu 1919 maofesi aakulu a boma ku Zomba anapsa, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zinapita ndi utsi. N'chifukwa chake nyuzi za nthawi imeneyo zili zamtengo wapatali chomwechi, pena ndi mboni yokhayo yotsala. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa usiku umodzi, mabuku pafupifupi 45,000. Chaona mnzako chapita.

Palinso chiswe cha miyendo iwiri. Zaka zingapo zapitazo ndinkafuna kuwerenga za zipolowe za May 1992, chifukwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa anafera mmenemo ndipo ndinkafuna kuona ngati dzina lake linalembedwa penapake. Ndinapita ku laibulale ina, sinditchula. Ulendo woyamba anati wosunga kiyi wapita ku maliro. Ulendo wachiwiri anandilowetsa m'kachipinda mmene mitolo ya nyuzi inali pansi, yomangidwa ndi luzi, denga likuonetsa kuti limadontha. Nditapeza mwezi umene ndinkafuna, masamba enieniwo anali atadulidwa bwinobwino ndi lezala. Mwina anali wophunzira waulesi wokopera, mwina wina amene dzina lake linali pamenepo. Wantchito amene anandithandiza anali munthu waulemu, wochita manyazi ndi zimene ndinaona, ndipo analibe ngakhale katoni youma yoti aikemo.

Sindikupempha nyumba yosanja kapena galimoto za polojekiti. Choyamba ndi kalembera. Tikufuna kaundula mmodzi, wosindikizidwa ndi woikidwa pa intaneti, wonena kuti nyuzi yakuti, ya tsiku lakuti, ili pamalo akuti, ndipo ili bwino kapena yadyeka. National Archives, imene yakhala ikugwira ntchitoyi kuyambira 1947, ndiyo iyenera kutsogolera. Koma aitanidwe onse: laibulale ya Society of Malawi imene ili m'chipinda cham'mwamba pa Mandala House, gawo la mabuku a za Malawi ku University of Malawi, National Library Service, nyumba ya zakale ya ku Chichiri, a Times ndi a Nation, a Blantyre Synod, a Montfort. Aliyense ali ndi chidutswa. Zidutswazo zikaikidwa pa tebulo limodzi, mabowo adzaonekera okha, ndipo tidzadziwa chimene tikusaka. Ngati kaundula wotere alipo kale m'kabati ya wina, atulutsidwe, tiyambire pamenepo.

Mabowo akadziwika, a Meya, lengezani pa wailesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Uzani anthu kuti kwa mwezi wathunthu, Loweruka lililonse, pa Civic Centre ndi pa maofesi a khonsolo a ku Limbe padzakhala tebulo lolandira nyuzi zakale. Wofuna kupereka apereke, wofuna kungobwereketsa kuti ijambulidwe abwezeredwe yake tsiku lomwelo ndi kalata yothokoza. Mudzadabwa ndi zimene zili m'masutikesi pansi pa mabedi a ku Chitawira ndi ku Kanjedza, kwa atolankhani opuma, kwa akazi amasiye a andale, m'nyumba za abusa, kwa mabanja a amwenye a ku Limbe amene sitolo zawo zinkalengeza malonda m'nyuzi kuyambira kalekale. Ngakhale ogulitsa mapepala okulungira mu msika, muwauze kuti pepala la chaka cha 1995 kubwerera m'mbuyo mudzaligula pa mtengo woposa wa wogulitsa tchipisi. Amenewo ndiwo adzakhale apolisi anu abwino.

Kujambulako si ufiti. Pamafunika kamera yabwino yoyang'ana pansi kapena sikana yaikulu, magetsi osathimathima, ndi anthu odekha manja. Ana a utolankhani a ku MUBAS ndi ku Malawi Institute of Journalism chaka chilichonse amasowa kokaphunzirira ntchito. Apatseni kangachepe, katswiri wa ku Zomba awayang'anire, ndipo adzatuluka akudziwa mbiri ya ntchito yawo kuposa mmene kalasi ingawaphunzitsire. Pali mapologalamu a kompyuta amene amawerenga tsamba lojambulidwa kuti munthu azingolemba dzina la agogo ake n'kupeza paliponse pamene linatchulidwa. Apa chenjerani ndi Chichewa. Makinawo anazolowera Chingerezi, ndiponso kalembedwe kathu kanasintha: kale ankalemba "cimanga" ndi "Cinyanja", popanda h. Wosaka "chimanga" sadzapeza njala ya 1949 ngati palibe munthu wodziwa chinenero amene anakhala pansi n'kukonza zimenezi.

Za ndalama ndikudziwa chimene mudzanene, kuti misewu ili ndi maenje ndipo zinyalala sizinawoledwe. N'zoona, ndimadutsa momwemo. Koma British Library ili ndi thumba lotchedwa Endangered Archives Programme, limene cholinga chake ndi ntchito ngati yomweyi. Lathandizapo kale ntchito zina m'Malawi muno, ndipo lamulo lake ndi lakuti mapepala enieniwo amatsala m'dziko lawo, kunja kumangopita zithunzi. Ku Chicago kuli Center for Research Libraries, kumene mayunivesite a ku America akhala akusonkhanitsa nyuzi za mu Africa pa microfilm kwa zaka zambiri. A Nduna, kalata yochokera pa desiki yanu yopempha makope a zonse za Nyasaland ndi Malawi zimene zili m'malo amenewa ingalemere kuposa makalata 100 a ife anthu wamba. N'zochititsa manyazi kuti wophunzira wa ku Edinburgh awerenge Central African Times ali pa mpando wake, pamene mwana wa ku Chilomoni, amene agogo ake ananyamula mitolo ya nyuziyo pamutu, sanaionepo. Ndipo mabanki ndi makampani amene analemerera mu mzinda uno, amene amapereka mamiliyoni ku gofu, angakane bwanji kugula kamera imodzi, pamene mbiri ya makampani awo omwe ili m'masamba amenewo?

Kwa inu eni nyuzi, ndikudziwa kuti zakale zanu ndi chuma chanu, ndipo malonda a nyuzi masiku ano ndi owawa. Sindikuti mugawe zonse. Gwirizanani malire, kaya zaka 30, kaya 50, kuti zakale kuposa pamenepo aliyense awerenge mwaulere, zatsopano muzigulitsa. Ndipo yang'aniraninso zimene mukulemba lero. Nkhani ya pa webusaiti kapena pa Facebook imaoneka ngati idzakhalapo mpaka kale, koma webusaiti ikasinthidwa kapena ngongole yake ikapanda kulipidwa, zaka khumi zimazima ngati kandulo. Nkutheka kuti mdzukulu wanga adzapeza mosavuta nkhani ya 1923 kuposa ya 2013. Lamulo lija la kupereka kope ku Zomba likonzedwe kuti likhudzenso nyuzi za pa intaneti.

Pomaliza kujambula musadzataye mapepala, ndipo musadzasunge zithunzizo pa kompyuta imodzi ya mu ofesi ya bwana. British Library yomweyo, ndi ndalama zake zonse, inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti mu October 2023 ndipo ntchito zake zambiri zinaima kwa miyezi. Kope imodzi ikhale ku Zomba, ina ku yunivesite, ina kunja kwa dziko. Koma imodzi ikhale muno mu Blantyre, m'chipinda chimene munthu wovala masilipasi angalowe popanda kalata yochokera kwa pulofesa. Ulendo wa ku Zomba ndi makilomita oposa 60, ndipo kwa mphunzitsi wa ku pulayimale amene akufuna kuonetsa ana ake chithunzi cha msika wa Ndirande wa m'ma 1970, thiransipoti yokhayo ndi ndiwo za sabata.

Chaka cha 2026 chikukwanitsa zaka 150 chiyambire mishoni imene inabala mzinda uno. Pa zikondwerero zotere pamasokedwa nsalu, pamabwera bandi ya apolisi, pamalankhulidwa mawu ambiri onena za mbiri yathu yonyaditsa. Ndikupempha kuti pa ndalama za nsaluzo mupatuleko za matebulo awiri aja ndi makatoni ouma.

Masamba 14 aja ndawaika mu envelopu yaikulu, pakati pa makatoni awiri, pamwamba pa wadiropu pamene chiswe sichinafikebe. Limodzi lili ndi banga la mafuta pa nkhope ya munthu amene akulankhula pa msonkhano ku Njamba, koma mawu ake akuwerengeka. Mundiuze tsiku ndi khomo, ndidzabwera nawo ndekha pa minibasi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Ndirande